Dzina la Mowbray ndi Nkhata ya a Tryness

Uthenga wa maliro unawapeza a Tryness Mwale akuyanika zovala kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata. Amene anabwera nawo anali mwana wawo Agness, wa ku Chelstone, ndipo atangomuona akulowa pageti tsitsi lili nyankhalala, m'manja mulibe chikwama, mayi aja anadziwa kuti Spencer wawasiya. Anakhala pansi pomwepo, malaya onyowa ali m'manja. Spencer Mowbray anali mlongo wawo wa bere limodzi, ndipo pa ana onse a mayi awo anali atatsala awiriwo basi.

A Tryness anali atayenda maliro ambiri mu Lusaka, poti mayi wa Chigwirizano sajomba pamaliro, ndiye mwambo wa kumanda ankaudziwa bwino. Manda akakwiriridwa, woyendetsa mwambo amaitana anthu kuti adzaike nkhata za maluwa, aliyense potsata ubale wake. Amayamba mkazi wa malemu, kenako ana, adzukulu, ndiyeno alongo ndi abale. Apa m'pamene tauni yonse imaona kuti munthuyu anali wa yani. A Tryness sankafuna kanthu m'nyumba ya mlongo wawo ku Kabulonga, ngakhale supuni. Ankangofuna kuti akadzaitana alongo a malemu, iwo adzadzuke ndi nkhata yawo, anthu adzaone kuti Spencer naye anali ndi kwawo. Misozi isanaume n'komwe anamutuma Agness m'tauni kuti akalankhuliretu ndi wogulitsa maluwa. Ankafuna oyera, enieni, osati apulasitiki.

Dzina la Mowbray linalowa m'banja mwawo kudzera kumunda wa fodya, kufupi ndi Chipata, nthawi imene tauniyo inkatchedwa Fort Jameson. Mayi awo, Nambewe, ankasankha fodya pafamupo. Bambo a Tryness anali atapita kumigodi ya kummwera n'kuiwala njira yobwerera, ndipo mzungu woyang'anira famuyo, Mowbray, anawapatsa mayi aja mwana wamwamuna. Mwanayo atasiya kuyamwa, mzungu uja anamutengera kunyumba yaikulu. Koma kamwana kanalira osaleka, kosafuna munthu wina aliyense koma mlongo wake, mpaka anatuma munthu kukomboni kukatenga Tryness, kamtsikana kosamera n'komwe mawere, kuti kazikalera. Ankagona pamphasa pakhomo pa chipinda cha mwanayo, ankadyera kuseri kwa khitchini, ndipo Spencer anakulira pamsana pawo. Ufulu utabwera mzungu uja analongedza katundu n'kulowera kummwera, mwana n'kumusiya pasukulu yogonera komweko ya ana a makaladi. Kumeneko Spencer anaphunzira kugwira foloko, kulankhula chingerezi cha m'mphuno, ndi kuchita manyazi mayi ake akabwera kudzamuona osavala nsapato.

Manyazi amenewo sanamuthere, ngakhale atakula n'kukhala bwana pakampani ya inshuwalansi. Komatu mlongo wake ankamukonda, zimenezo asakane munthu. Loweruka lililonse ankaimika galimoto m'mbali mwa msewu ku Kabwata, ali yekha, n'kulowa, kuvula nsapato, kukhala pamkeka atatambalala. Ankadya mbewa mpaka mchira, n'kumalankhula chinyanja cha kumudzi chimene anzake a ku Kabulonga akanalumbira kuti sachidziwa. Kumeneko ankati "alongo anga". Koma a Tryness akapita kwake, pamaso pa alendo, ankawagwira paphewa n'kunena kuti, "Awa ndiwo anandilera." Iwo ankangomwetulira, poti n'zoona anamulera, ndipo ankaona kuti mwana akuwachitira ulemu. Komanso mwendo wawo unali utazolowera khomo la kukhitchini, palibe ankachita kuwalozera.

Maliro a ku Kabulonga ndi aulemu, moti ngakhale wolira amalira ngati akupepesa. Panja anamanga tenti yoyera, mipando ataiveka nsalu ngati paukwati, ndipo chakudya chinkabwera pagalimoto chophikaphika. A Tryness analowa m'nyumba n'kukhala pansi pamodzi ndi amayi ena, pafupi ndi matiresi amene anagonapo mlamu wawo Muriel, mkazi wa malemu. Muriel ankadziwa zonse za ubalewo, koma mkazi woferedwa salankhula zambiri, amangozyolika mpango utaphimba nkhope, ena n'kumamulankhulira. Nsofwa, Mbemba woyandikana nyumba ndi a Tryness ku Kabwata, anabwera ndi ufa m'kapepala kuti adzawapake anamfedwa kumaso, monga amachitira Abemba pamaliro a anthu a kummawa, cha ku Chipata, poti mitundu iwiriyi ili pachinansi cha nthabwala. Atayang'ana masuti ndi nsapato zowala zimene zinadzaza m'tentimo, anabweza kapepala kake m'chikwama. Panalibe ndi mmodzi yemwe wooneka kuti akudziwa zoti womwalirayo ndi wa kummawa.

Sean, mwana yekhayo wa Spencer, anafika kuchokera ku England maliro atagona kale. Mnyamatayo, kapena tinene kuti bamboyo poti imvi zinali zitayamba, anachoka pakhomo ali wamng'ono kupita kusukulu zakutali, ndipo Zambia amene ankamudziwa anali wa patchuthi. Anali wofatsa, wosachedwa kulengeza misozi, ndipo bambo ake ankawakonda ndi mtima wonse. Nthenda yake inali imodzi, dzina la Mowbray. Anali atalifufuza zaka zambiri, mpaka kuyenda ulendo kukaona kamudzi ka ku France kotchedwa Montbray, m'dera la Normandy, kumene dzinalo linachokera. M'tenti muja anawafotokozera azibambo kuti anthu a ku Normandy anawoloka nyanja mu 1066 n'kulanda England, kuti eni dzinali anapatsidwa minda ndi malinga, kuti ena anakhala nduna za mafumu ndipo ena anaphedwa poukira mafumu omwewo. Anawaonetsa pafoni chizindikiro cha banjalo, mkango woyera utaima njo pansalu yofiira. Azibambo ankagwedeza mitu mwaulemu, ngakhale panalibe amene akanaika dzanja pamoto kuti woyang'anira fodya wa ku Fort Jameson uja anali mdzukulu wa nduna zimenezo.

Dzuwa litapendeka Sean analowa m'nyumba n'kugwada pafupi ndi a Tryness, bondo limodzi, mmene amagwadira munthu amene anangoonera kwa ena. Anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Ba anti, ndimwe munalela ba dadi, ai? Banali kukamba pali imwe masiku onse."

"Ndine, mwana wanga. Msana uno."

Mtima wa a Tryness unasungunuka, poti maso a mwanayu anali a Spencer enieni, ndipo anamasuka. Anamuuza mmene ankamuberekera bambo wake popita kukatunga madzi, mmene ankamudyetsera phala mobisa chifukwa zakudya za mzungu ankazilavula, ndi za tsiku limene anagwa naye pamasitepe a khonde, wophika n'kuwakwapula ndi mthiko pamene mwana sananyuke n'komwe. Anamuuza za mphasa ya pakhomo pa chipinda, ndi kanyimbo kamene kankamugoneka. Sean ankamvetsera akupukuta m'maso, kwinaku akulemba pafoni. Zoti iwo ndi Spencer anabadwa kwa mayi mmodzi sananene. Ndani amauza mwana wa mlongo wake zimenezo? Kuli ngati kumuuza munthu kuti ali ndi mphuno.

"Nizakuchulani mu mbili yao ku chalichi," anatero Sean podzuka. "Simungasale, ba anti."

Agness anali atamva zonse ali pakhomo ndi thileyi ya makapu, ndipo china chake sichinamukhalire bwino. Anadikira mayi ake atatuluka kukasamba m'manja kumpopi wa kuseri, n'kuwatsata.

"Amama, uyu munthu saziba kuti ndimwe bandani. Simunaone mwamene akukambilani? Lekani nimuuze."

"Umuuze chiyani? Mwana wa mlongo wanga angaleke kundidziwa ine? Pamaliro sapempha kuitanidwa. Ukapita kukandipemphera malo, wandivula pamaso pa anthu."

Agness pakamwa pake m'potentha, ku Chelstone makondakitala a minibasi amamudziwa, koma kwa mayi ake amazizira. Anayesa kunena kuti mwina angomutsina khutu Muriel, koma a Tryness anakana kuti munthu woferedwa asamuvutitse ndi nkhani za mipando. Pa zinthu ngati zimenezi anali ouma mutu kuyambira kale. Ankakhulupirira kuti ubale suchita kulengezedwa, umangodziwika, ndipo m'moyo wawo wonse ku Kabwata zinali choncho. Anaiwala kuti Sean sanakulire ku Kabwata, ndi kuti mu Lusaka mayi aliyense wovala chitenje ndi ba anti.

Tsiku loika maliro a Tryness anavala yunifolomu yawo ya Chigwirizano, yosita mpaka kulimba. Mapemphero anali kutchalitchi china ku Woodlands kumene Muriel amapemphera. Olandira alendo atawalozera benchi ya pakatikati, sanatsutse, anakhala pomwepo ndi Agness, nkhata ili pamiyendo. Maluwawo ankanunkhira bwino, ndipo ankawakonzakonza ndi chala ngakhale panalibe chokonza.

Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, Sean anapita kutsogolo, ndipo mkulu wina wa mpingo anaima pambali pake kuti azimasulira m'chinyanja. Sean anayambira ku Normandy. Anthu anakwera zombo, anawoloka nyanja, analanda England, anamanga malinga, ndipo Spencer anali asanabadwe. Makanda anagona n'kudzuka, amayi anayamba kudzikupiza ndi mapepala a pulogalamu, mafumu a ku England akusinthanabe mipando. A Tryness sanatope. Dzinalo linali la mlongo wawo, ndipo ngati linachokera kutali choncho, iwo ankanyadira nawo. Ankangodikira kuti ulendowu ufike kwawo.

Unafika. Sean anatchula famu ya fodya, anatchula agogo ake aamuna mayina onse atatu. Nambewe anapatsidwa theka la chiganizo, mayi wina wa m'deralo. Kenako Sean anakweza maso kufunafuna m'mabenchi, ndipo atawaona a Tryness, iye anamwetulira misozi ili mbwembwembwe, n'kulankhula. Chingerezi a Tryness amachimva, anachiphunzira kuseri kwa khitchini ya mzungu, koma anadziuza kuti makutu akalamba, adikire womasulira.

"Banja la a Mowbray likuthokoza mayi Tryness Mwale, amene ali pakati pathu pano," anatero womasulira. "Analowa ntchito m'nyumba ya a Mowbray ali kamtsikana, monga wolera mwana, ndipo anakhala wokhulupirika kwa malemu mpaka imfa. Antchito otere masiku ano kulibe."

Tchalitchi chonse chinacheuka. Anthu ankawayang'ana mokoma mtima, ena akugwedeza mitu, ndipo mayi wina wa chipewa chachikulu anawasisita paphewa. Agness anali atayamba kale kudzuka, koma mayi ake anamutsina pantchafu mwamphamvu mpaka anakhala pansi. A Tryness anadziuza kuti Sean wangolakwitsa kalankhulidwe, kuti kumanda kuli akuluakulu, kuti Muriel sangalole. Poona nkhope anaima pabokosi nthawi yaitali kuposa anzawo. Spencer anali atamuveka tayi yofiira, tsitsi atalipesa bwino, pakamwa pali potseka. Ankafuna kumufunsa kanthu, koma mzere unali kuwakankha kumbuyo.

Manda anali a anthu opata, kunja kwa tauni, a kapinga wothirira, kumene anamfedwa amakhala pamipando pansi pa mthunzi wa tenti. A Tryness ndi Agness anapeza malo kumapeto kwa mzere wachitatu. Bokosi linatsika, nyimbo zinaimbidwa, anyamata anakwirira n'kusalaza dothi ndi mafosholo. Ndiyeno woyendetsa mwambo anatenga chimkuzamawu.

Anaitana mkazi wa malemu, ndipo Muriel anapita atamugwira amayi awiri uku ndi uku. Anaitana mwana, Sean anagwada nthawi yaitali mapewa akugwedezeka. Anaitana adzukulu, ndipo wina anawaikira duwa poti anatsala ku England. A Tryness anagwira nkhata ndi dzanja limodzi, linalo n'kutsamira pabondo la Agness.

"Alongo ndi abale a malemu."

Thupi lawo linali litachoka kale pampando. Woyendetsa mwambo anawerama kwa Sean, ndipo Sean anapukusa mutu pang'onopang'ono, mwachisoni.

"Pepani, malemu anabadwa yekha. Tipitirize."

A Tryness anabwerera pampando. Anayang'ana kwa Muriel, ndipo Muriel anakweza nkhope, maso awo anakumana kamphindi, kenako anaiika m'kansalu kake n'kuyamba kusisima. Pamenepo m'pamene a Tryness anamvetsa, ndipo mtima wawo unasweka. Sean sananame, sanawanyoze, ananena zimene anapatsidwa. Mwana amene anayenda mpaka ku France kufunafuna makolo ake sakanasiya azakhali ake pamzere wachitatu akanadziwa. Anali Spencer. Zaka zonsezo, Maloweruka onsewo pamkeka wa ku Kabwata, akunyambita zala n'kumati alongo anga, ndipo sanapeze tsiku limodzi lomuuza mwana wake kuti mayi aja ndi magazi ake. Zinawapweteka kuposa uthenga wa imfa, chifukwa imfa inangowalanda mlongo, koma izi zinawauza kuti pamaso pa anthu sanakhalepo naye.

Mwambo unapitirira. Anaitana abale a Muriel, anzake a kukampani, a kugofu, a kumpingo, oyandikana nawo nyumba. Manda anadzaza maluwa mpaka dothi silinkaoneka. A Tryness ankangomva mayina akudutsa ngati wailesi ya m'nyumba ya eni ake. Dzuwa linali litalowa m'mbali mwa tenti, ndipo maluwa a pamiyendo pawo anayamba kufota m'mphepete.

"Antchito a pakhomo."

Anadzuka wa m'dimba, wophika ndi mlonda, aliyense ndi duwa limodzi, akuyenda mwamanyazi. Ndiye Sean anachita chinthu chimene anthu anachiyamikira kwambiri pambuyo pake. Anasiya mpando wake wa kutsogolo, anazungulira manda padzuwa, anadutsa pakati pa mizere mpaka anaima pamaso pa a Tryness, n'kuwapatsa mkono kuti awatsogolere yekha. Ankafuna kuti akhale oyamba pagulu lawo. Nkhope yake inali yonyowa, yodzaza chikondi.

"Amama, musaime," ananong'ona Agness. "Kambani manje, olo nikambe ine."

Mawu oti a Tryness anene anali ochepa, ndipo anali kale pakamwa pawo. Anthu onse anali chete, akanamva mpaka mzere womaliza. Koma a Tryness anayang'ana mulu wa maluwa uja n'kudzifunsa kuti manyazi akagwera yani. Sean anthu akanamumvera chisoni. Muriel akanati anali pachisoni. Wotsala anali Spencer, wogona pansi apoyo, wosatha kudziyankhira, ndipo mawa lake Kabulonga yense akanamutafuna kuti Mowbray uja ankabisa mlongo wake kukhitchini. Kalekale kukomboni a Tryness ankamenyana ndi ana oseka tsitsi lake, ndipo sanalolepo kuti munthu amuseke iwo ali pomwepo. Anali atamukwiyira kwambiri, koma sakanatha. Anachotsa dzanja la Agness limene linawagwira yunifolomu, anagwira mkono wa Sean n'kudzuka.

Anayenda pang'onopang'ono, wa m'dimba, wophika ndi mlonda akutsatira kumbuyo. Kumutu kwa manda kunali kutadzaza nkhata zazikulu za maliboni, ndipo pakati pake panali ya Sean, ya maluwa ofiira ndi oyera. Malo anatsala kumiyendo. Sean anawathandiza kugwada, ndipo a Tryness anaika nkhata yawo, anaikankhira pang'ono m'dothi kuti mphepo isaitenge, n'kusiya dzanja pamenepo. Dothi linali lofunda. Kumbuyo ankamva Agness akulira mokweza, kulira kwa ku Kabwata, kopanda kupepesa.

Sean anawadzutsa mosamala, n'kuwasansa fumbi pachigongono.

"Zikomo, ba anti," anatero motsitsa mawu. "Munabasunga monga ni m'bale wanu."

A Tryness anamuyang'ana m'maso.

"Sanali mwana wovuta."

Atatero anasendera pambali kuti apereke malo kwa wa m'dimba, amene ankadikira kumbuyo kwawo ndi duwa lake.